Manda a Mphepo a Azakhali a Mien

"Ndati m'nyumba muno palibe amene apite kukafukula za akufa!"

Apongozi anga, bambo Vuong, anamenya thireyi ndi chikhatho mpaka msuzi wa nkhanu unakhavukira pamphasa. Mwamuna wanga Khiem anangoweramira m'mbale yake ya mpunga. Ndi mmene alili bambo a Diu: ku dziwe la abakha amakalipa mudzi wonse n'kumva, koma pamaso pa bambo awo amasanduka kamwanapiye.

"Sikufukula ayi, Bambo," anatero motsitsa mawu. "Akuluakulu a mtundu wathu andipatsa ntchito yolemba mbiri ya banja. Onse amene anapita kunkhondo ndawapezera gulu lawo ndi malo amene anagwera. Pa azakhali a Mien pokha ndi poyera. Wosema mwala nayenso akufunsa choti alembe pachiliza."

"Alembe kuti anafera dziko. Sizikukwana zimenezo?"

"Anafera dziko ali pati?" ndinalowerera ine. Pakamwa panga sipanaphunzire kudikira, ndipo amayi anga anatopa nako kundiuza.

"Iwe Thoa, za mtundu uno zikukukhudza pati? Si iwe unabwera kuno ndi kadengu ka zovala?"

"Zikundikhudza pa nkhuku, Bambo. Chibwerere changa pakhomo pano, chaka ndi chaka ndine ndimapha nkhuku ya chikumbutso chawo. Ndine ndimapukuta chithunzi chawo. Manda awo kumunda kuja ndi a mphepo, mulibe ngakhale tsitsi limodzi. Anzathu a kwa Doan anapita kumapiri, anakatapa dothi pamene panagwera mwana wawo, lero mzimu wake uli ndi pogona. Ife tikulephera chiyani? Njinga yamoto tili nayo."

"Fupa lokakamiza limaswa mphika, mtengwa iwe."

"Nanga fupa lake lili kuti, Bambo? Ndi limene tikufunalo."

Anadzuka osamaliza kudya, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo wa manyumwa. Ine ndinkayesa ndi chisoni cha munthu amene safuna kutokosa bala lakale, ndipo ndinawamvera chifundo.

Azakhali a Mien anali mlongo wawo wamng'ono. Anachoka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kupita kumapiri a Truong Son, kukakwirira maenje a mabomba kuti magalimoto a nkhondo azidutsa. Kenako uthenga unabwera woti bomba lakwirira gulu lawo. Paguwa la makolo panatsala chithunzi cha mtsikana wa tsitsi lalitali, akumwetulira mwamanyazi. Kwathu kuno mzimu wa mtsikana amene wafa asanakwatiwe timauopa ndipo timaudalira kuposa ina yonse. Diu akamalemba mayeso ndinkapempha kwa iwo. Abakha akagwidwa chitopa ndinkapempha kwa iwo. Ndinkawakonda azakhali amenewa ngakhale sindinawaonepo.

Kunatsala masabata atatu kuti chikumbutso chifike. M'mawa mwake ndinajambula chithunzi chija ndi foni, ndinauza apongozi kuti ndikukagula mankhwala a abakha, n'kuliza njinga. Khiem anandiperekeza mpaka pageti.

"Amayi a Diu, mukapezako kanthu musabwere mukufuula."

"Mukanakhala ndi chiwindi bwenzi mukupita nokha," ndinatero.

Ndinazungulira sabata yathunthu, lero uku mawa uko. Amayi amene anakonzako misewu ya nkhondo alipo ambiri m'chigawo chathu cha Thai Binh, koma aliyense anali ndi gulu lake. Wina anati nkhopeyi ndi yachilendo. Wina anangoyang'ana chithunzicho n'kuyamba kulira za mng'ono wake. Wina anandisunga tsiku lonse akundiimbira nyimbo za kumapiri, ine njala ili m'mimba. Pomaliza wina anati, "Kafunse Gam, amagulitsa tiyi ndi mtedza padepoti. Ameneyo ankadziwa aliyense, ngakhale amene sankafuna kudziwika naye."

Mayi Gam anali aafupi, onenepa, mawu awo omveka tsidya la msewu. Ndinagula kapu ya tiyi, ndinawapatsa ulemu, n'kuwaonetsa foni.

"Ee! Mien uyu! Taonani tsitsilo, abale! Linkafika m'maondo, malungo analimeta lonse. Wachitenga kuti chithunzi chimenechi, mwanawe?"

"Paguwa la makolo kwathu, Mayi. Ndinakwatiwa ndi mwana wa achimwene awo. Tikufuna kudziwa pamene anafera kuti tikatapepo dothi."

Anaika ketulo pansi, nkhope itagwa.

"Wamwalira Mien? Liti? Bwanji osandiuza anthu amenewa?"

"Kalekale, Mayi. Nthawi ya nkhondo."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anaphulika kuseka mpaka makondakitala anacheuka.

"Nthawi ya nkhondo! Nanga amene ndinadya naye chinangwa mwezi wathawu ndi ndani? Amene anandinena kuti ndanenepa ngati nkhumba ya chaka chatsopano? Mzukwa?"

Kapu inandipulumuka n'kusweka. Tiyi wotentha anandithira pamwendo koma sindinamve.

"Mayi, musandiseweretse chonde."

"Ndikuseweretse ndine mnzako? Ali kumtunda, ku minda ya tiyi yakale, kumene ankapita anzathu amene amuna anawakana chifukwa cha dazi ndi khungu lachikasu. Ali moyo, ndipo pakamwa pake mpakuthwa kuposa panga." Apa anasiya kuseka. "Dikira kaye. Wati paguwa? Mumamufukizira lubani?"

"Chaka ndi chaka. Ndiponso mwezi ukakhala, ndi pakati pa mwezi."

"Mayo ine! Kufukizira munthu wamoyo? Si kumutemberera kumeneko?" Anakhala pansi pa benchi, manja ali m'mutu. "Iye amatiuza kuti kwawo anthu anatha psiti. Ife tinkamumvera chisoni kuti ndi wamasiye."

Tsiku lotsatira ndinayenda pafupifupi theka la tsiku, msewu ukukwera mpaka makutu anatseka. Kanyumba kake kanali kumapeto kwa mizere ya tiyi. Pakhonde panali mayi wamng'ono thupi, atavala mpango, akukazinga masamba a tiyi m'chiwaya chachikulu ndi manja. Kenako anadzutsa mutu. Mphumi inali ya apongozi anga yeniyeni. Inalinso ya mwana wanga Diu.

Sindikudziwa kuti zinachitika bwanji, koma manja anga anagwirana okha pachifuwa monga ndimachitira paguwa.

"Tsitsa manjawo, sindinafe," anatero. "Gam wandiimbira kale. Khala mbali iyi, khutu linalo linatsala kumapiri. Ndiye iwe ndi amene umandiphikira?"

"Ndine, azakhali."

"Umaphika chiyani?"

"Nkhuku yowiritsa ndi mpunga womata wa nyemba. Bambo amati ndi zimene munkakonda."

"Pamenepo sananame. Chinanso?"

"Timakutentherani zovala za mapepala. Chaka chatha tinatentha malaya a chisanu ndi nsapato."

"Ndi chifukwa chake sizinandipeze. Mukanangozitumiza pabasi bwenzi ndikuvala."

Iwo ankaseka, ine misozi ili mbwee. Ndinawafunsa kuti zinatheka bwanji, poti uthenga wa imfa yawo unabweradi ndipo chikalata cha boma chotsimikiza imfayo chili pakhoma mpaka lero.

"Uthengawo sunali wabodza ladala, mwana wanga. Bomba linatikwiriradi. Anzanga anatsala pomwepo. Ine anandifukula anthu a gulu lina, ndinagona miyezi m'phanga la odwala osadziwa ngakhale dzina langa. Amene anawerenga mitu anandiwerengera kwa akufa. Nditachira ndinabwerera pamsewu ndi fosholo yanga mpaka nkhondo inatha. Kenako ndinabwera."

"Munabwera kuti?"

"Kwathu. Kwanuko."

"Kwathu kwenikweni?"

"Mpaka padoko. Nthawi imeneyo mlatho kunalibe, tinkawoloka pabwato. Ndinatsika ndi dazi langa, mwana wa miyezi inayi ali pachifuwa. Bambo ake anali dalaivala, anandilonjeza zambiri, pambuyo pake ndinamva kuti kwawo ali ndi mkazi ndi ana. Koma mwanayo ndinkamufuna. Ndinkadziwa kuti mmene ndinkaonekeramo palibenso amene adzandifunsire. Padokopo ndinapeza achimwene akutsitsa matumba a feteleza wa mudzi. Anandizindikira nthawi yomweyo. Thumba linawagwa paphewa."

"Ndiye anatani?"

"Anandikokera kuseri kwa nsungwi. Anati, 'Mien, iwe unafa. Chikalata chako chili pakhoma. Amayi amakhala kutsogolo pamisonkhano. Ine andipatsa makiyi a nkhokwe za mudzi chifukwa ndine mchimwene wa ngwazi. Lero ukufuna ulowe m'mudzi ndi mwana wapathengo? Amayi akulira mwana wabwino, usawaphe ndi manyazi.' Anandipatsa mpunga wawo wa masana, wokulunga m'tsamba la nthochi. Kenako anauza wabwato kuti wamisala uyu wasochera, mubwezereni tsidya."

"Agogo sanakuoneni?"

"Denga la nyumba ndinkaliona kuchokera m'bwatomo. Utsi unkafuka. Amayi anali akuphika."

Munthu amene ndimamuthirira tiyi m'mawa uliwonse, amene amalira paguwa chaka ndi chaka anthu n'kumamutonthoza!

"Bwanji simunabwerenso?"

"Kubwera kwa yani? Ukakanidwa ndi mlendo umagogoda khomo lina. Ukakanidwa ndi magazi ako ugogoda kuti?"

"Nanga mwanayo ali kuti?"

Anatembenuza masamba m'chiwayamo kwa nthawi.

"Alipo. Sali patali."

"Bwerani naye, azakhali. Bwerani pa chikumbutso."

"Chikumbutso changa?" Anaseka mpaka anatsokomola. "Kodi ndinafa tsiku lanji?"

Ndinawauza tsikulo. Anapukuta manja pa mpango wawo n'kundiyang'ana ndi maso a apongozi anga.

"Wandiitana ndi iwe wophika. Chabwino, tibwera tonse awiri."

Khiem ndinamupeza kudziwe. Nditamuuza, anakhala pansi m'matope momwemo, abakha akumuzungulira. Kenako anadzuka osasamba n'komwe, n'kulunjika kunyumba. Apongozi anali pakhonde akupukuta mphika wamkuwa wa lubani ndi phulusa.

"Bambo, azakhali a Mien ali moyo."

Dzanja lawo linaima pang'ono, kenako linapitiriza kupukuta. Sanafunse kuti ati chiyani. Sanadzidzimuke. Pamenepo ndi pamene ndinataya kachiyembekezo komaliza koti mwina azakhali anasokonezeka mutu.

"Ndinakuuzani kuti musapite," anatero.

"Bambo, agogo anamwalira akuitana dzina limeneli. Ndikukumbukira ine. Madzulo alionse ankakhala pageti kuyang'ana njira ya kudoko, anthu n'kumati ukalamba. Inu munawagwira dzanja akutsirizika. Munali mukudziwa?"

"Inu ana a mtendere mukudziwa chiyani?" Anaika mphika pansi. "Masiku amenewo mkazi wobwera ndi mwana wopanda bambo ankamuimika pabwalo, kumuwerengera machimo pamaso pa mudzi wonse, ana akumuponyera ndowe. Ine ndinamupulumutsa ku zimenezo. Ndinamupatsa ulemu umene sakanaupeza ali moyo. Ndani m'mudzi muno amene anthu amamugwadira ngati iye? Nyumba ya njerwa ino, sukulu yako iwe Khiem, ngakhale makolo a mkazi wakoyu kuvomera kuti akwatiwe kuno, zonsezo zinachokera pa dzina loyera la banja lino. Mwadya nawo nonse. Lero mukufuna kusanza?"

"Tinadya osadziwa, Bambo," ndinatero.

"Madzi akatayika saoleka."

"Koma chibale ndi fupa, sichiola. Munthu uja akukazinga tiyi ndi manja, msana unapindika, alibe womutungira madzi akadwala. Ife kuno tikumutenthera nsapato za mapepala!"

"Usandiphere miyambi m'nyumba mwanga, iwe! Tamvera. Chikumbutso chichitika monga mwa nthawi zonse, ndipo mwala udzaikidwa. Mlongo wanga ali paguwa apo. Nkhalamba ya kumapiriyo sindikuidziwa. Ikadzaponda pakhomo pano, Thoa, udzatuluka nayo limodzi, ndi kadengu kako."

Masiku otsatirawo m'nyumba munali zii. Tinkadya osayang'anana. Ine ndinasiya kuyatsa lubani paguwa, ndipo ndikamadutsapo ndinkayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Khiem sankadya bwino. Tsiku lina tikutola mazira anayamba kuzungulira nkhani.

"Amayi a Diu, bwanji tiwatumizire kanthu mwakachetechete? Bulangete, mankhwala, tiziwayendera mwezi ndi mwezi. Bambo akalamba. Mtundu wonse ukamva tidzayenda bwanji m'mudzi muno? Diu adzakwatiwa bwanji?"

"Inunso mukufuna kuwapatsa mpunga wa m'tsamba?"

Dzira linamuswekera m'manja.

Kunena zoona mantha ndinali nawo. Kwathu makolo anga anamwalira, nyumba anatenga mlamu wanga. Kadengu kanenedwa kaja ndikanapita nako kuti? Koma tsiku la chikumbutso ndinadzuka m'mawa, ndinasankha tambala wonenepa kuposa onse, ndinaviika mpunga, ndinaphika ndi mtima wanga wonse kuposa zaka zonse. Pathireyi ya akuluakulu ndinaonjezerapo mbale ziwiri, ya azakhali ndi ya mwana wawo. Ndinkaganiza kuti ndi bambo wa msinkhu wa Khiem, mwina ali ndi mphumi yomweyo.

Pofika masana nyumba inali itadzaza. Akuluakulu a mtundu anakhala pamphasa ya kutsogolo, amayi kumbuyo, ena pabwalo. Mwala watsopano unali utatsamira khoma, atauphimba ndi nsalu yofiira. Apongozi anavala mkanjo wawo wakuda, anayatsa timitengo titatu ta lubani, n'kuimirira paguwa. Mawu awo ankanjenjemera monga amachitira chaka chilichonse, ndipo amayi ena anali atayamba kale kupukuta m'maso.

"Mien, mlongo wanga, lero ndi tsiku lako. Kulikonse kumene uli, kaya ndi kumapiri kaya ndi kumtsinje, tsata utsi uwu. Bwera kwanu, udye ndi abale ako."

"Ndabwera, achimwene."

Azakhali anali ataima pakhomo, atavala malaya obiriwira akale a kumsewu, kachikwama kali paphewa. Mayi Gam anali kumbuyo kwawo. Anthu onse anacheuka. Kenako mayi Tuat, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nafe imene inakulira nawo limodzi, inakuwa mawu amene sindidzawaiwala.

"Mien! Kalanga ine, ndi Mien!"

Ena anathawira pabwalo. Mbale zinagubuduzika. Mkulu wina wa mtundu anagwa chagada akufuna kudzuka. Mayi Tuat anakwawa n'kukagwira phazi la azakhali, akulitsina kuti amve ngati ndi lofunda.

Azakhali anavula nsapato, analowa, anayenda pakati pa mphasa mpaka paguwa. Anagwada kaye pa chithunzi cha amayi awo, mphumi pansi, kwa nthawi yaitali. Atadzuka anatambasula dzanja, anathyola mwendo wa nkhuku ija n'kuluma.

"Mchere wachepa, Thoa, koma yapsa bwino." Anatembenukira kwa anthu. "Ndamva kuti ndimakhozetsa ana anu mayeso ndi kuchiritsa abakha. Pepani abale, ine sindinamve pempho ngakhale limodzi. Khutu ili linafa, ndi lokhalo limene linafa."

Apongozi anali chiimire, lubani ukufuka m'manja.

"Mayi uyu sindikumudziwa," anatero. "Ndi wamisala. Khiem, mutulutse."

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Anadzuka pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, n'kukaima pambali pa azakhali.

"Bambo, mawu amenewo munawanena kale padoko. Kawiri ayi."

Phokoso linabuka. "Padoko pati?" "Ankadziwa?" "Vuong, unkadziwa?" Mayi Gam anayamba kufotokozera amayi a kumbuyo ndi mawu awo a padepoti, ndipo nkhani inafika pageti isanathe n'komwe. Ine ndinkafuna kuti azakhali akhale pansi, adye ngati munthu. Ndinawagwira mkono.

"Azakhali, nanga achimwene athu ali kuti? Atsalira panja? Ndawaikira mbale."

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati ndine amene ndikufunika kutonthozedwa. Anatsegula kachikwama kaja, anatulutsa kachipewa koluka kosakwana n'chibakera changa, ndi kansalu komanga mfundo. Anamasula mfundoyo pathireyi. Munali dothi lofiira.

"Ndi uyu."

Azakhali anatembenukira kwa apongozi.

"Tsiku lija kunagwa mvula ya chisanu, achimwene, mukukumbukira. Tinagona pakhonde la depoti. Mkaka ndinalibe, malungo anali ataumitsa. Ndinamutafunira mpunga wanu uja, koma anali asanadziwe kumeza. Tsiku lachitatu anazizira m'manja mwanga. Ndinamukumbira ndekha m'mbali mwa msewu. Kukumba ndiye ntchito imene nkhondo inandiphunzitsa."

Mayi Tuat anayamba kulira maliro enieni. Ine ndinangoti khu pansi pafupi ndi mbale yopanda kanthu ija.

"Munkafuna dothi la pamene panagwera munthu wa banja lino," anapitiriza azakhali. "Nali. Manda muli nawo kale, opanda kanthu. Ine sindikuwafuna pakali pano. Mwana uyu wagona pamsewu zaka zonsezi, magalimoto akumudutsa, wopanda womuitana kuti adye. Inu mukudyetsa ine amene ndili ndi manja."

Ananyamula chithunzi chawo paguwa, anachipukuta ndi mkono wa malaya n'kuchiika m'chikwama.

"Mtsikana uyu ndikumutenga, watopa kukhala pano."

Pamalo pake anaikapo kachipewa. Kenako anatenga timitengo tina titatu, anatiyatsa pa nyale ya paguwa, anachotsa takale m'manja mwa achimwene awo n'kuwapatsa tatsopano.

"Mutu wa banja ndinu. Muitaneni."

Apongozi anayang'ana akuluakulu a mtundu, koma onse anali ataweramitsa mitu. Anayang'ana Khiem. Anayang'ana kachipewa. Anakweza lubani m'mwamba, phulusa likuwagwera pamkono, n'kutsegula pakamwa. Palibe chimene chinatuluka. Anayesanso. Tonse tinaona chimene chinawatsamwa, ndipo palibe amene akanawathandiza.

"Dzina," ananong'ona. "Dzina lake ndani?"

"Padoko paja simunafunse."

"Mien, dzina lake ndani?"

Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuwatchula dzina akuwayang'ana kumaso. Azakhali anatseka maso pang'ono.

"Ndi Lam."

"Lam," anatero apongozi, mawu atasweka. Anagwa pamphasa, lubani akadali m'manja. "Lam, mwana wa mlongo wanga, tsata utsi uwu. Bwera kwanu udye."

Ndinayang'ana zimene zinali paguwa: nkhuku, mpunga womata, kabotolo ka mowa, timitengo todyera. Ndinadzuka, ndinazichotsa zonse n'kukaziika patsogolo pa azakhali kuti adye. Kenako ndinapita kukhitchini, ndinakoleza moto, n'kuyamba kuphika phala lamadzimadzi, chifukwa mwana wa miyezi inayi sadya nkhuku.